Kabotolo ka mu Sokosi

Lolemba, 3 Febuluwale

Andigoneka pa bedi nambala 7, wodi ya amuna, mbali ya odwala maso. Buku ili ndi lotsala la ku geji, linali ndi masamba opanda kanthu kumapeto. Ndine Jeremiya Alufazema wa kufupi ndi Bangula. Zaka 22 ndakhala ndikuwerenga madzi a Shire: 6 koloko m'mawa ndi 6 koloko madzulo kutsetsereka pagombe, kuona pamene madzi afika pa chitsulo cha manambala, kulemba, kutumiza ku ofesi pa foni. Madzi akafika pa mzere wofiira, anthu akumunsi amasamuka chifukwa cha nambala yanga. Choncho nambala ndimaidziwa, ndipo ndimadziwanso mmene munthu amaipekera ali khale pansi pa mtengo. Chilichonse chimene andichite muno ndilemba.

Diso lamanzere linazima chaka chatha, limangodziwa kuti kwacha kapena kwada. Lamanja layamba kudyeka m'mbali. Lachisanu ndinagunda mbuzi ndi njinga, mbuzi yathunthu, masanasana, osaiona. Ndiye mkazi wanga Clotilda, mayi a Anita, anati basi tiyeni. Lamanjali likapita ndatha.

Anandidontheza mankhwala achikasu n'kugunditsa pa diso kachipangizo kowala buluu. Akuti akuyeza pulesha, mphamvu ya madzi a m'kati mwa diso. Lamanja 44, lamanzere 51. Ya munthu wabwinobwino akuti siyenera kupitirira 21. Manambalawa wanena ndi nesi, Sisita Immaculate. Ine sindinawaone.

Anafunsa ngati pali mankhwala ena amene ndikugwiritsa ntchito. Ndinati palibe. Kabotolo kanga kodontheza m'maso, ka pa msika wa Bangula, kali mu sokosi. Zaka zitatu kakhala kakundichotsera kuyabwa ndi kufiira kobwera ndi kunyezimira kwa madzi ndi phulusa la nzimbe. Ndikangokaonetsa alanda, mawa ukakapeza pa benchi ya wina. Ndizidontheza ndekha kubafa, ndipo nthawi iliyonse ndiziika kamtanda pansi pa tsikulo.

+

Lachiwiri, 4 Febuluwale

Amatidzutsa ndi mopu. Kenako phala, kenako mankhwala. Timololo, dontho limodzi diso lililonse, m'mawa ndi madzulo. Piritsi loyera la asetazolamaidi katatu pa tsiku. Timololo amaluma. Piritsi likuchititsa dzanzi nsonga za zala, cholembera chikuchita kuterereka.

Pa bedi 8 pali a Lorenso, mkulu wa kutsidya ku Mozambiki, wa ng'ala maso onse awiri. Anandiyandikira mpaka mphuno kugundana, n'kunena kuti, "Shamwali, ine nkhabe kuona bwino, koma manesi akuti maso anu ndi oyera ngati a khanda. Mwadzeranji kuno?" Ndinati funsolo ndikudzifunsanso ndekha.

Lamanja 43. Kutentha muno ngati mu uvuni wa njerwa, fani ndi yongokongoletsa.

+ +

Lachitatu, 5 Febuluwale

Kwabwera dokotala wa maso wochokera ku Blantyre, amabwera Lachitatu lililonse. Dzina lake Prudence Sandalamu. Msinkhu wake ndi wa Anita wanga. Anandiunika m'diso nthawi yaitali, kenako anakhala pansi, chinthu chimene madokotala sachita ngati sakufuna kanthu.

Anati: "Bambo Alufazema, kuseri kwa diso kuli kansalu kopyapyala kolandira kuwala, timakatcha retina. Mmenemo muli timitsempha tambirimbiri totumiza ku ubongo zimene mwaona. Madzi a m'diso akapanda kutuluka bwino amatipanikiza, ndipo timafa kuyambira m'mbali. Timene tafa sitidzukanso. Ntchito yathu ndi kupulumutsa timene tatsala."

Kenako anatulutsa pepala. Akuti ali pa kafukufuku, akupempha magazi pang'ono ndi misozi, ndisayine ngati ndafuna. Ndinafunsa kuti magazi alowa pati pa nkhani ya diso.

"Pali kampweya kena kamene thupi limapanga lokha, nayitiriki okusayidi," anatero. "Kakakhala kochepa n'kabwino, kamamasula mitsempha ya magazi, kamathandizanso madzi a m'diso kutuluka. Koma diso likapanikizika tikuganiza kuti kamapangika kochuluka, n'kuyamba kuwononga timitsempha tija. Tikufuna tione zizindikiro zake mwa anthu odwala ngati inu."

"Mpweya m'diso? Diso langa ndi tayala la njinga?"

Anaseka. Ine sindinaseke. Anati nanga si madzi a Shire ali chimodzimodzi, ochepa amanyowetsa dimba, ochuluka amakokolola. Ndiye kuti wina wamuuza kale ntchito yanga. Ndani? Ndipo munthu wodziwa chinthu sanena kuti "tikuganiza". Ndinati sindisayina. Anati palibe vuto, chithandizo changa sichisintha. Tiona.

Chaka chija cha mphekesera za anamapopa ine ndinali mmodzi wa oseka anthu othawa m'nyumba zawo. Lero sindikuseka kwenikweni.

Ndadzipangira geji yangayanga. Zenera loyang'anana ndi bedi langa lili ndi zitsulo zisanu ndi zinayi. Ndikatsamira khoma, kutseka lamanzere, kuyang'ana chapakati osagwedeza diso, ndikuona zitsulo 6. Nambala iyi palibe angandipekere.

Lamanja 44. Zitsulo 6.

+ +

Lachinayi, 6 Febuluwale

Lamanja 45, akutero Sisita. Masiku anayi a mankhwala awo, nambala ikukwera m'malo motsika. Ndinapempha kuti ndione ndekha pa chipangizo. Anati, "Agogo, mungaone bwanji diso lanu lomwe likuyezedwa?" Yankho lake n'lomveka, koma linatuluka msanga kwambiri. Ndipo ine si agogo ake.

Sisitayu amamwetulira aliyense. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere.

Pa tsamba lomaliza la buku ndayamba mndandanda wa owakayikira. 1. Sisita Immaculate, manambala. 2. Dokotala Sandalamu, magazi. Munthu akachira msanga, kafukufuku amuchita pa yani?

+ + +

Lachisanu, 7 Febuluwale

A Lorenso apita ku fiyeta m'mawa, abwerako ndi bandeji diso limodzi.

Mayi a Anita akugona ku gadiyani, kuseri kwa chipatala, kumene osamalira odwala amaphikira. Lero abweretsa nsomba za makakana zootcha ndi thobwa la mapira. Abweretsanso manambala a ku geji pa foni. Amene akuwerenga m'malo mwanga ndi mchimwene wawo wamng'ono, mlamu wanga Goodwell. Lachitatu 4.25, Lachinayi 4.25, lero 4.25.

Ndinati, "Mtsinje wanji woima masiku atatu mu Febuluwale? Mlamu akulembera pa bawo."

"Inu, abambo, Goodwell amapita. Ndi amene anakunyamulaninso tsiku la mbuzi lija."

"Anafulumiratu kundinyamula. Ntchito anailandiranso mofulumira."

Anangotola minga ya nsomba pa bulangeti. Ndinawauza kuti mawa akapita kukaona dimba akandigulire kabotolo kena, kangaka katsala pang'ono. Anati bwanji osawaonetsa adokotala kaye. Ndinati chimene chandisunga zaka zitatu ndikuchidziwa ndine.

3. Goodwell, ntchito.

Lamanja 43. Zitsulo 6.

+ +

Loweruka, 8 Febuluwale

A Lorenso awamasula bandeji. Anayang'ana denga, anayang'ana manja awo, n'kufuula mothokoza m'chiyankhulo cha kwawo, "Takhuta, Mulungu, takhuta!" Kenako anatembenukira kwa ine: "Shamwali, kani ndinu wonyansa chonchi? Mawu anu ndimayesa ndinu bwana wa ku esiteti." Wodi yonse inaseka. Inenso ndinaseka, koma mtima unandiwawa. Iwo anabwera osaona, ine ndinabwera ndikuona.

Loweruka sayeza. Mutu ukupweteka pamwamba pa diso.

+ + +

Lamulungu, 9 Febuluwale

Ndawagwira.

A Lorenso anandipempha ndiwawerengere kabotolo kamene chipatala chawapatsa, kuti adziwe kangati pa tsiku. Ndinakayandikiza ku diso langa. Dekisametazoni. Ndinapita nako kubafa, ndinatulutsa kanga mu sokosi, ndinatiika pamodzi. Chitsekero chosiyana, dzina ndi lomwelo, chilembo ndi chilembo.

Ndiye mankhwala abwinowo ali nawo muno. Munthu wa kutsidya amupatsa, tsiku limodzi waona. Ine mwini dziko akundipatsa oluma ndi piritsi la dzanzi, nambala osatsika, mpaka nditasayina pepala lawo.

Mayi a Anita abwera madzulo ndi kabotolo katsopano, atakabisa pansi pa mbatata zophika. Popereka anati, "Ine mtima wanga sukugwirizana nazo. Mukapanda kunena inu Lachitatu, ndinena ndine." Zaka 31 tili limodzi, sanayambe andiopsezapo. Wawatuma ndani? Ku gadiyani amacheza ndi manesi. Ndipo Goodwell ndi magazi awo.

4. Clotilda. Ndalemba mwazing'onozing'ono, koma ndalemba.

+ + +

Lolemba, 10 Febuluwale

Lamanja 46. Zitsulo 6, koma chakumapeto kudzanja lamanja chikubwera n'kuchoka.

+ + +

Lachiwiri, 11 Febuluwale

A Lorenso atuluka. Anandigwira dzanja ndi manja awiri, anati ndikadzawoloka ndidzafunse kwa Lorenso wosoka maukonde. Bedi 8 mwalowa bambo wina wolasidwa ndi tsamba la nzimbe m'diso, sayankhula.

Lamanja 45. Zitsulo 5. Ndawerenga kanayi, ndatsamira khoma pamalo pomwepo. Zisanu.

Ndili ndi mantha. Mawa ndiwayalira zonse pamaso pa wodi yonse.

+ + + +

Lachitatu, 12 Febuluwale

Ndilemba monga zinachitikira, ngakhale sindikufuna.

Dokotala Sandalamu anafika cha m'ma 10 koloko, Sisita Immaculate ali pambuyo ndi mafayilo. Mayi a Anita anali ataima pafupi ndi khomo. Dokotala anaona tchati n'kukwinya nkhope, anati sakumvetsa chifukwa chake pulesha ikukana kutsika, mwina tiganize za opaleshoni. Ndinati ine ndikumvetsa. Ndinakweza mawu kuti a pa bedi 1 amve.

"Adokotala, ine ndine munthu wa manambala. Masiku asanu ndi anayi onse ali m'bukumu. Ndinalowa ndikuona zitsulo zisanu ndi chimodzi pa zenera ilo, lero zisanu. Mankhwala enieni muli nawo, munapatsa a Lorenso. Ine mukundimana kuti ndikhalitse, mupeze magazi a kampweya kanuko."

Sanakwiye. Anafunsa kuti mankhwala a a Lorenso ndawadziwa bwanji kuti ndi enieni. Ndinati chifukwa ndimawadziwa. Anapempha buku. Ndinapereka monyadira, ngati munthu wopereka umboni kukhothi. Anawerenga tsamba loyamba mwakachetechete, kenako anayendetsa chala pansi pa masiku onse.

"Timitanda iti, ndi madontho a kabotolo ka mu sokosi?"

"Eya."

"Ndikaone."

Ndinavula sokosi pamaso pa anthu. Anakatembenuza, anawerenga, n'kutseka maso kanthawi. Sisita anagwira pakamwa.

"Zaka zitatu, tsiku lililonse?"

"Maso akayabwa. Ndipo amayabwa tsiku lililonse ndikapanda kudontheza."

Anakhala pa bedi langa, m'mphepete, n'kuyankhula motsitsa, moti amene ndinawaitanira kuti amve sanamve kanthu. Anati mankhwalawa ndi enieni ndithu. A Lorenso awapatsa chifukwa cha bala la opaleshoni, kwa masabata ochepa, ndipo aziwayeza. Koma kwa anthu ena akagwiritsidwa ntchito nthawi yaitali amatseka tingalande totulutsa madzi m'diso. Kunja diso limayera, kuyabwa kumaleka, m'kati madzi akukwera. Anati, "Bambo, ife takhala tikukapa madzi m'bwato, inu mukuthiramo."

Ndinafunsa za lamanzere, ngati analizimitsa ndi kabotoloka. Anati sangalumbire, koma n'kutheka kwambiri. Ndinafunsa za chitsulo chachisanu ndi chimodzi, chimene ndinalowa nacho muno. Ngati ndikanaonetsa kabotolo tsiku loyamba lija?

"Mwina chikanakhalapo," anatero.

"Chibwerera?"

"Ayi."

Anandibwezera buku. Sindikudziwa ngati anaona tsamba lomaliza. Anati ndi buku lolembedwa bwino kuposa tchati chawo, ndipo popanda timitandato akanandicheka diso sabata ino osadziwa chimene akulimbana nacho. Timabotolo tonse tiwiri anatenga. Mayi a Anita anatuluka.

Lamanja 45. Zitsulo 5.

Lachinayi, 13 Febuluwale

Maso akuyabwa ngati mwalowa chitedze. Afiira. Sisita akuti zikhala choncho masiku angapo, wandipatsa madontho ongonyowetsa ndi kansalu kozizira. Dzanja likumapita lokha ku sokosi.

44.

Lachisanu, 14 Febuluwale

42. Sindinadye.

Loweruka, 15 Febuluwale

Mayi a Anita anakhala pa mpando kusenda mbatata. Ndinawauza kuti pa tsamba lomaliza pali mndandanda wa anthu amene ndimawaganizira kuti akundithera diso, ndipo iwo alipo. Ndinafuna amve kwa ine, asadzaone okha.

Anafunsa kuti ali nambala chani. Ndinati folo.

"Bola munandiika kumapeto," anatero. Anapitiriza kusenda. Patapita nthawi anati, "Chimene chikundiwawa ine si bukulo. Timabotolo tonse tija, zaka zitatu, amakagula ndine. Ndimasankha ka chitsekero chosatsegula kuti ndikupatseni kabwino."

Ndinati anali kutumidwa. Anati ngakhale wotumidwa ali ndi mutu. Ndinachita manyazi amene sindinachitepo chibadwire.

Lolemba, 17 Febuluwale

Lamanja 35, lamanzere 40. Sisita Immaculate anatembenuza chipangizo kuti ndione pamene kagudumu kake kaima, anati, "Werengani nokha, a geji." Ndinawerenga. 35. Kani zinali zotheka kuona pambuyo poyeza, ndikanapempha bwino.

Zitsulo 5.

Lachitatu, 19 Febuluwale

Lamanja 29. Dokotala wachepetsa piritsi loyera, kawiri pa tsiku. Opaleshoni ayamba aimika. Akuti timololo ndi wa moyo wanga wonse, ndipo mwezi uliwonse ndizibwera kudzayezetsa.

Ndinamufunsa za kampweya kaja, ngati ndi kamene kanadya chitsulo changa. Anati chimene akudziwa motsimikiza ndi pulesha. Za kampweyako akuganiza kuti ndi kamodzi mwa zimene zimamaliza timitsempha tikapanikizika, ndipo akadziwa bwino mwina tsiku lina kudzapezeka njira yotetezera timene tatsala. Ndinati wanenanso "akuganiza". Anati inde, sanena chimene sanawerenge pa chitsulo. Pamenepo ndinamumva. Amene anandigulitsa kabotolo koyamba pa msika sananene kuti akuganiza, anati awa ndiye mapeto a kuyabwa.

Ndinapempha pepala lija. Anandiwerengera lonse, ndinawerenganso ndekha mzere ndi mzere, ndinasayina. Magazi anatenga kachubu kamodzi, kochepa kuposa zimene udzudzu wa muno watenga. Za misozi amaika kapepala kakang'ono m'mphepete mwa chikope n'kudikira mphindi zisanu. Sisita anati kanga kananyowa mphindi isanathe. Ndinati ndi kuyabwa. Anati eya, ndi kuyabwa.

Loweruka, 22 Febuluwale

Kwabwera Goodwell, ndi buku la ku geji lokulungidwa mu pulasitiki. Akuti alongo ake anamuuza kuti ndikufuna kuliona. Masamba ali ndi zidindo za matope, tsiku lililonse chala chake chilipo. Masiku atatu a 4.25 aja analemba pambali kuti: kumtunda kulibe mvula, ndayang'ana kawiri. Lachiwiri lapitali 5.05, ndipo anaimbira ofesi asanakwere n'komwe kugombe. Pa mwendo ali ndi bala, anaterereka pa mwala wachitatu, womwe ine ndimaudziwa ndipo sindinamuchenjeze.

Anati, "Alamu, bwererani msanga. Ine kudzuka m'mawa chonchi kwanditopetsa, ndipo ng'ona ya pa bango paja imandiyang'ana ngati ikundidziwa."

Ndinamuuza zoona. Chitsulo cha manambala ndi chopyapyala, ndikachilunjika ndichiwerenga. Koma njira yotsetserekera, miyala, bango, ng'onayo, zonse zili m'mbali, ndipo m'mbali ndilibemo. Anakanda mutu, anati ndiye tizipita awiri, iye aziyang'ana m'mbali ine kutsogolo. Ndinamupatsa thobwa langa.

Lolemba, 24 Febuluwale

Lamanja 20. Lamanzere 26, koma ilo ndi nyumba yopanda anthu. Anditulutsa lero. Timololo mabotolo awiri, tsiku lobwerera 26 Malichi. Maso ndi ofiira ngati a munthu wa kachasu, ndipo Sisita akuti ofiira omwewo ndiwo abwino kuposa oyera aja.

Ndatsamira khoma komaliza. Zitsulo 5. Chachisanu ndi chimodzi ndikudziwa kuti chilipo, ndikatembenuza mutu ndimachipeza, cha dzimbiri pansi. Ndinalowa nacho muno pa 3 Febuluwale, ndikuchisiya pa zenera. Ndawerenga timitanda ta masiku asanu ndi anayi aja: 23.

Pa tsamba lomaliza ndafufuta mayina anayi onse ndi rula, mzere umodzi umodzi, kuti aziwerengekabe. Nambala yolakwika ku geji sitiing'amba, timaidula n'kulemba yoona pambali pake. Pambali ndalemba: Jeremiya Alufazema.

Mayi a Anita amanga katundu. Minibasi ikatitsitsa pa Bangula, Goodwell akatidikira ndi njinga yanga. Ine ndikakhala kumbuyo.